Joseph Booth, Mzungu Wobadwa Tsiku Limodzi ndi Ine

Teremu yathayi aphunzitsi athu a mbiri yakale anatipatsa ntchito imene sitinaizolowere. Anatiuza kuti aliyense afunefune m'mabuku anthu omveka amene anabadwa tsiku limodzi ndi iye, asankhepo mmodzi, ndi kulemba za moyo wake. Ine ndinabadwa pa 26 Febuluwale, ndipo poyamba ndinada nkhawa, pakuti ndinayesa kuti tsiku limeneli lilibe munthu wodziwika. Koma nditafufuza bwino ndinapeza atsogoleri awiri a za Mulungu obadwa tsiku lomwelo: Mbusa Charles Sheldon wa ku America, wobadwa m'chaka cha 1857, ndi Bambo Joseph Booth wa ku England, wobadwa m'chaka cha 1851. Ndinasankha a Booth, ndipo ndiyambe ndi kufotokoza chifukwa chake.

Kwathu kuli mipingo itatu m'banja limodzi. Bambo anga ndi a mpingo wa Zambezi Evangelical, umene makolo awo anaulowera ku Dombole. Mayi anga anakulira ku Gowa, ndipo kufikira lero mtima wawo uli ku Mpingo wa Khristu. Amalume ndi a Seventh Day, ndipo Loweruka sagwira khasu ngakhale udzu ukule chotani m'munda. Anthu atatuwa akakumana madzulo pakhomo, nkhani ya tsiku la Sabata sichedwa kubuka, ndipo nthawi zina nsima imachita kuzizira m'mbale. Tsono taganizani kudabwa kwanga pamene ndinapeza kuti Dombole, Gowa ndi Malamulo, malo atatu amene iwo amawanyadira, onse anayambika ndi khama la munthu mmodzi, ndiye mnzanga wa tsiku lobadwayu.

A Booth anabadwira mumzinda wa Derby. Anachoka pakhomo pa makolo awo akali mnyamata wa zaka ngati 14, nadziphunzitsa okha powerenga mabuku. Kwa kanthawi anakayika za Mulungu, koma pambuyo pake anatembenuka mtima nalowa mpingo wa Baptist. M'chaka cha 1872 anakwatira Mary Jane Sharpe. M'chaka cha 1880 anasamuka ndi banja lawo kunka ku Auckland m'dziko la New Zealand, ndipo mu 1887 anasamukiranso ku Melbourne m'dziko la Australia. Kumeneko malonda anawayendera bwino, nakhala munthu wopeza ndi dikoni wa mpingo wawo. Akadakhala munthu wokonda kukhala phee, bwenzi atakalambira komweko, ndipo ife sitikadamva dzina lawo.

Chimene chinawazula ndi mtsutso. A Booth ankakonda kutsutsana pagulu ndi anthu osakhulupirira Mulungu, ndipo m'chaka cha 1891 mmodzi wa anthuwo anawakumbutsa nkhani ya mnyamata wachuma uja amene Yesu anamuuza kuti agulitse zake zonse ndi kupatsa osauka. Munthuyo anafuna kudziwa chifukwa chake a Booth ankalalikira mawu otere chuma chawo chili chisungire. Funsoli anangolifunsa monyoza, koma linawalasa mumtima. Anagulitsa malonda awo nakonzeka kupita ku Africa. Atatsala pang'ono kunyamuka, mkazi wawo anamwalira, koma ngakhale imfayo sinawabweze. Ananyamukabe ndi ana awo awiri, Edward ndi Emily.

Anafika m'dziko muno m'chaka cha 1892, kudzera m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire, pakuti masiku amenewo njanji kunalibe. Anali ndi Emily, mwana wa zaka ngati 9. Dziko linali litangolowa m'manja mwa Angerezi chaka chimodzi m'mbuyomo, ndipo Harry Johnston ndiye ankalamulira ku Zomba. Amishoni a ku Scotland anali atakhazikika kale: a Livingstonia kuyambira 1875, ndi a ku Blantyre kuyambira 1876. A Booth anapeza malo ku Mitsidi, pafupi ndi Blantyre, nayambitsa mishoni yotchedwa Zambezi Industrial Mission.

Maganizo awo anali akuti mishoni isamangodikira ndalama zochokera ku Ulaya, koma idzidyetse yokha. Anafuna kuti mishoni iliyonse ilime khofi ndi mbewu zina, iphunzitse anthu ntchito zamanja pamodzi ndi Mawu a Mulungu, ndipo phindu likapezeka atsegulire mishoni ina patsogolo, monga mmene mbatata imayangira kuchokera pa mzere umodzi kunka pa wina. Antchito awo ankawalipira koposa mmene Azungu a minda ndi amishoni ena ankalipirira. Ankabatizanso anthu pomiza m'madzi, osawasunga zaka zambiri m'kalasi monga ankachitira a ku Scotland. Zinthu ziwirizi zinawapezera adani msanga. Eni minda anadandaula kuti akukweza malipiro, ndipo amishoni a ku Blantyre anadandaula kuti akuwalanda ophunzira awo ophunzitsa kale.

M'chaka choyambacho kunabwera mnyamata wina wa ku Chiradzulu kudzapempha ntchito yapakhomo, dzina lake John Chilembwe. Iye ndiye ankasamala Emily podwala malungo pamene bambo wake anali pa ulendo. A Booth anamubatiza pa 17 Julayi 1893, ndipo posakhalitsa wantchito uja anasanduka womasulira mawu ndi bwenzi. Malungo omwewo amene Emily anachira anatenga mlongo wake Edward, amene anatsatira bambo wake kuno ku Africa. Kotero m'zaka zochepa chabe a Booth anataya mkazi, mwana ndi chuma chifukwa cha funso limodzi lija.

Tsono ndifike kuno kwathu. A Booth sindiwo anayamba kubweretsa sukulu ndi tchalitchi ku Ntcheu, pakuti a Livingstonia anali atatsegula kale Livulezi mu 1887. Koma mishoni yawo ya Zambezi ndiyo inafalikira kwambiri pakati pa Angoni a Maseko, nitsegula Ntonda, Chiole ndi Dombole. Sanalekere pomwepo. Mu 1893 anayambitsa mishoni yachiwiri, Nyasa Industrial Mission, ndipo mu 1895 anakopa Akhristu a Baptist a ku Scotland kuti ayambitse yachitatu, Baptist Industrial Mission, imene inamanga pa Gowa. Cha m'ma 1930 Gowa anapita m'manja mwa a Mpingo wa Khristu, ndipo ndimo mmene mayi anga anakhalira a mpingo umenewo. Mwana aliyense amene anaphunzira a, e, i, o, u m'masukulu a mishoni zimenezi, kapena kulandira mankhwala pa chipatala cha Ntonda ngakhale cha Gowa, wadya zipatso za mtengo umene a Booth anabzala.

Komatu mishoni sizinabwere ndi zokoma zokhazokha, ndipo ife Angoni tikudziwa chimenechi. Anthu ambiri a Inkosi Gomani Woyamba anayamba kupita kukagwira ntchito kwa Azungu ndi kupereka msonkho ku Boma, ndipo Inkosi inaona kuti ufumu wake ukugumuka. Mu Okutobala 1896 inatumiza ankhondo kukawotcha midzi ina pafupi ndi mishoni za Zambezi, ndipo anthu ena anathawira ku Dombole. Mbiri itafika ku Boma, kunabwera asilikali, nagwira Inkosi, naipha pa 27 Okutobala 1896. A Booth sanali ku Dombole masiku amenewo, ndipo iwo eni ake ankadana ndi kulanda maiko a anthu ndi mfuti. Koma n'zoona ndithu kuti mishoni imene anaiyambitsa inali pakati penipeni pa tsoka limeneli. Wolemba mbiri sayenera kubisa zimenezi.

Chaka chomwecho cha 1896 a Booth anali ku Natal. Anali atayambana ndi akuluakulu a mishoni zawo zomwe, pa nkhani za ndalama ndi za kayendetsedwe ka ntchito, ndipo anasiyana nawo. Ku Natal anayesa kuyambitsa bungwe lotchedwa African Christian Union, loti anthu akuda asonkhe ndalama ndi kuyendetsa okha minda, malonda ndi zombo. Azulu ophunzira anawamvetsera, koma anakana, pakuti atalandidwa dziko lawo sanathenso kukhulupirira Mzungu aliyense, ngakhale wolankhula zokoma. Ichi chinawapweteka kwambiri. Mu 1897 anatenga John Chilembwe kunka naye ku America, ndipo komweko anasindikiza kabuku kawo kotchuka, Africa for the African, konena kuti Africa ndi wa eni ake akuda. A Chilembwe analowa sukulu ya ubusa ya anthu akuda ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo atabwerera mu 1900 anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu.

Ali ku America, a Booth anasintha maganizo pa za tsiku lopumula, nalowa mpingo wa Seventh Day Baptist wa ku Plainfield, umene umasunga Loweruka. Mpingowo unawatumizanso kuno mu 1899. Atangofika analemba kalata ya madandaulo kwa Mfumukazi Victoria, nayamba kupempha anthu kuti asayinepo. Kalatayo inapempha kuti ndalama zonse za msonkho wa nyumba, umene unali masheleni atatu pa chaka, zigwire ntchito yophunzitsa anthu akuda. Kuti mwa anthu 100 alionse asanu alandire maphunziro apamwamba. Ndi kuti pakatha zaka 21 dziko lonse libwezedwe kwa eni ake. Tiyeni tiwerengere pamodzi, anzanga. Zaka 21 kuchokera 1899 zikutifikitsa ku 1920. Ufulu wathu unabwera mu 1964, patapita zaka 65. Sekondale yoyamba ya dziko lino, ya Blantyre, inatsegulidwa cha m'ma 1940. Zimene ife tikudya lero m'kalasi muno, munthuyu anazipempha agogo a agogo athu akali ana.

Alfred Sharpe, amene ankalamulira dziko pa nthawiyo, anaona kuti kalatayo ndi youkira Boma, nafuna kuwagwira kuti awatulutse m'dziko. A Booth anathawira m'dziko la Apwitikizi, ndipo anawalola kubwerera mu 1900 atalonjeza kuti asiya za ndale. Pamenepo anatsegula mishoni ya Plainfield ku Thyolo. Koma khofi, amene anali mzati wa maganizo awo onse, anayamba kukanika ndi kutsika mtengo, ndipo ndalama zinatha. Mu 1902 malowo anagulidwa ndi a Seventh Day Adventist, mpingo umene a Booth anali atangolowa kumene. Anabwera ndi Mbusa Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America, koma sanagwirizane naye, ndipo patangopita miyezi yowerengeka anachoka. Mishoniyo inatchedwa Malamulo mu 1907. A Booth sanapondenso dziko lino, pakuti pambuyo pake Boma linawaletsa kulowa.

Ngakhale anali kunja, dzanja lawo linafikabe kuno. Anakhala nthawi yambiri ku South Africa, kumene ankaphunzitsa anyamata a kwathu opita kukafuna ntchito, ndi kutumiza makalata ndi timabuku. Mu 1906 anatengeka ndi ziphunzitso za Watch Tower, naphunzitsa Elliot Kamwana, Mtonga wa ku Nkhata Bay. A Kamwana atabwerera kwawo mu 1908 anabatiza anthu oposa 9,000 m'miyezi yochepa, mpaka Boma linawachotsa m'dziko mu 1909. Kenaka a Booth anabwereranso ku Seventh Day Baptist, nagwira ntchito mwa makalata ndi Charles Domingo wa kumpoto ndi alaliki ena.

Pa 23 Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anaukira Boma, ndipo pa 3 Febuluwale a Chilembwe anaphedwa. Moto umenewu unafika ndi kuno komwe. Filipo Chinyama, mlaliki wa mpingo wosunga Sabata kuno ku Ntcheu, anali atapangana ndi a Chilembwe kuti athire nkhondo pa boma la Ntcheu. Koma zimenezi sizinatheke, ndipo anagwidwa naphedwa. A Booth pa nthawiyo anali ku Basutoland, dziko limene lero ndi Lesotho. Anali atasiyana njira ndi a Chilembwe zaka zambiri m'mbuyomo, ndipo anali munthu wokana nkhondo ya mtundu uliwonse, ngakhale Nkhondo Yaikulu imene inayamba mu 1914. Koma Boma linaloza chala iwo, kuti ndiwo anafesa maganizo oipa m'mitu ya anthu akuda, ndipo mu Okutobala 1915 anawatumiza ku England. Kumeneko anavutika kupeza ntchito, pakuti munthu wokana nkhondo pa nthawi ya nkhondo alibe abwenzi. Mu 1919 anabwerera ku South Africa kukakhala pafupi ndi mwana wawo wamkazi, ndipo atakalamba anapitanso ku England. Anamwalira ku Weston-super-Mare pa 4 Novembala 1932, ali ndi zaka 81, wosauka ndi woiwalika.

Tsopano ndibwerere kwa mnzawo wa tsiku lobadwa, Mbusa Sheldon, pakuti nditaika moyo wa anthu awiriwa pamodzi ndinaona chinthu chodabwitsa. A Sheldon anali mbusa wa mpingo wa Congregational mumzinda wa Topeka ku Kansas kuyambira 1889. Pofuna kukopa achinyamata kutchalitchi Lamulungu madzulo, ankalemba nthano ndi kuwawerengera mutu umodzi sabata iliyonse. Mu 1896 analemba yotchedwa In His Steps, yonena za Akhristu a mumpingo wina amene analonjeza kuti kwa chaka chathunthu sadzachita kanthu asanadzifunse chimene Yesu akadachita pamalo pawo. Bukulo linagulidwa mamiliyoni ambiri, koma mwini wake anapindula pang'ono chabe, chifukwa umwini wake sunalembetsedwe bwino. Nawonso anaganizira anthu akuda: mu 1893 anathandiza kutsegula sukulu ya mkaka ya ana akuda m'dera losauka la Tennesseetown mumzinda womwewo. Anamwalira pa 24 Febuluwale 1946, atatsala masiku awiri kukwanitsa zaka 89.

Taonani tsono. Funso limene a Sheldon analiika m'buku mu 1896 ndi lomwe lija limene a Booth anafunsidwa ku Melbourne mu 1891: kodi Mkhristu atachitadi zimene amalalikira, chingachitike n'chiyani? Mmodzi anayankha ali pa mpingo umodzi zaka zambiri, nafa wolemekezeka. Winayo anayankha ndi mapazi, nayenda maiko ambiri, nalowa ndi kutuluka mipingo isanu kapena kuposa, nafa wopanda kanthu.

Kodi tiwaweruze bwanji a Booth? Zolakwa anali nazo, ndipo si zazing'ono. Anali wofulumira kuyamba ndi wosachedwa kusiya. Ankalonjeza zazikulu zimene analibe nazo ndalama, ndipo anthu amene anawakhulupirira, akuda ndi oyera omwe, kawirikawiri ankatsala padzuwa. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo mwambiwu ukuwakwana. Mikangano ya mipingo imene tili nayo m'midzi mwathu, ina mwa iyo ndi iwo anaibweretsa. Mishoni zawo zinakhalitsa chifukwa cha anthu ena odekha, aphunzitsi ndi alaliki a kuno komwe, amene anatsala kulimirira munda wobzalayo atapita.

Koma pa chinthu chimodzi sanasinthe kuyambira 1892 kufikira imfa yawo. Mipingo anasintha, maiko anasintha, koma sanasiye kunena kuti munthu wakuda ndi wofanana ndi Mzungu pamaso pa Mulungu, kuti ayenera malipiro oyenera, maphunziro apamwamba ndi dziko lake. Ananena zimenezi pa nthawi imene Azungu anzawo ankaziyesa misala. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Lumo la a Booth linameta bwino, ngakhale pena linatema. Lero nkhope ya John Chilembwe ili pa ndalama zathu, ndipo pa 15 Januwale timapuma kukumbukira iwo, monga kuyenera. Koma mwa ife ophunzira ndi angati amene amadziwa dzina la munthu amene anawabatiza ndi kuwaperekeza ku America?

Pa tchuthi ndinafotokozera a kwathu zonsezi. Bambo anga anakondwa kumva kuti mishoni ya Zambezi ndiyo inali yoyamba kubadwa. Amalume anayankha msanga kuti munthuyo atawerenga bwino Baibulo anatsirizira ku Sabata. Mayi anga anangoseka, natiuza kuti ngati tonse tinatuluka m'nkhokwe imodzi, tidye nsima isanazizire. Mkangano sunathe ayi, koma tsiku limenelo unafupika.

Ine sindikhulupirira kuti tsiku lobadwa limaumba khalidwe la munthu, monga amanenera openda nyenyezi m'manyuzipepala. A Booth ndi a Sheldon anabadwa tsiku limodzi, koma wina anali mphepo, wina anali mwala. Komabe pa 26 Febuluwale ikudzayi, anzanga a m'kalasi akamadzandithira madzi monga mwa mwambo wathu, ndidzakumbukira kuti tsikuli si langa ndekha. Ndikupempha kwa Mulungu kulimba mtima kwa a Booth ndi kudekha kwa a Sheldon, pakuti dziko lathu likusowa anthu oyamba zinthu amenenso angathe kuzitsiriza. Ndipo ndikupempha aphunzitsi athu kuti tsiku lina atitengere ku Dombole ndi ku Gowa, tikaone ndi maso athu malo amene mbiri imeneyi inachitikira, pakuti si kutali.

Wophunzira wa Folomu 3